Diso la Medson

Kawale 2,
Lilongwe.
8 Ogasiti, 1999.

Okondedwa Ababa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mwendo uja ukukulolani kufika kudimba masiku ano? A Pemphani atabwera kudzagulitsa kachewere mwezi watha anandiuza kuti chisanu cha chaka chino chakuzunzani, mpaka Lamulungu lina simunapite kutchalitchi. Ndinadandaula, poti ndimakudziwani, inu kujomba kutchalitchi ndiye kuti zavutadi. Ife kuno tili bwino. Ana akupita kusukulu, bambo awo a Esau ukalipentala wawo ukuyenda pang'onopang'ono, ine ndikusokabe pakhonde paja pafupi ndi msika.

Kalata ino italika. Chonde muiwerenge mpaka kumapeto, ngakhale mupezemo dzina limene munati lisamatchulidwe pakhomo panu. Nkhani yake ndi ya Medson.

Mwina mphekesera zinakupezani kale kuti mwana wanu anavulala nthawi ya kampeni. Ndi zoona. Diso lake lamanja linafa. Ndachedwa kukulemberani chifukwa sindinkadziwa poyambira, komanso chifukwa pofotokoza za iye ndiyenera kufotokoza za ine ndemwe, ndipo mbali yangayo si yokoma.

Mukumbukira mu 1994 pamene anafika kumudzi atavala malaya a chipani chatsopano, inu muli tcheyamani wa nthambi ya chipani chanu kwa zaka makumi awiri. Munamuuza kuti asadzapondenso pabwalo panu. Pamaliro a amayi, zaka ziwiri zapitazo, anaima kumanda pakati pa alendo, inu osamupatsa moni. Ine ndinaima mbali yanu, ndipo nditabwerera kuno ndinapitiriza. Kuchokera ku Kawale kufika kwa iye ku Biwi ndi ulendo wosakwana theka la ola wapansi, koma zaka ziwiri zonsezi sindinapondeko. Pasiteji ndikaona kuti minibasi imene yaima akuyendetsa ndi iye, ndinkayang'ana kumbali n'kudikira ina. Ndinkati ndikulemekeza inu.

Kampeni itayamba, Medson anasiya minibasi ija n'kuyamba kuyendetsa lole ya bwana wina amene ankaimira chipani chawo pampando wa phungu. Bwanayo anamulonjeza kuti akapambana adzamupezera ntchito yoyendetsa galimoto m'boma. Loweruka la pa 22 Meyi, dzuwa litapendeka, ankachokera kumsonkhano atanyamula amayi odzaza lole, akuimba. Pamphambano pafupi ndi magalaja a ku Biwi anakumana ndi anyamata a chipani chanu, nawonso akuchokera kumsonkhano wawo. Zinayamba ndi nyimbo zonyozana, kenaka miyala. Mwala umodzi unaswa galasi la mbali ya dalaivala n'kumupeza pankhope.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchidziwe, chifukwa anthu amene analipo amachinena mpaka lero. Magazi ali chuchuchu, osaona bwino kutsogolo, sanasiye chiwongolero. Anatsetsereka nayo loleyo mpaka pamalo abwino, n'kuiimitsa. Amayi onse aja anatsika opanda ndi bala lomwe. Akanachita mantha, ikanagwera mungalande.

Amene anadzandiuza ndi alamu anga a Rachel, mkazi wake, m'mawa mwake. Anaima kutsogolo kwa makina anga mwana ali kumsana, osadziwa ngati ndiwalandira kapena ndiwabweza. Ndinatseka makina n'kunyamuka nawo. Kuchipatala chachikulu ndinamupeza atamangidwa theka la nkhope. Anatembenuza mutu wonse kuti andione, n'kunena kuti, “Achemwali, mwabwera?” Sananene china chilichonse cha zaka ziwiri zija, ndipo mpaka lero sanachinene. Madokotala anayesetsa, koma anatiuza poyera kuti disolo silingapulumuke.

Bwana wake anabwera kamodzi kuchipatalako, ali ndi munthu wojambula zithunzi. Anamugwira paphewa, anajambulidwa, anapita. Patapita sabata ziwiri, Medson atangotuluka, bwanayo anatumiza anthu kudzamutenga kuti akaonekere pamsonkhano waukulu. Ndinamuletsa, ndinati bala likadali laliwisi ndipo fumbi limupweteka. Iye anati bwana akumufuna, sangakane.

Ine kumsonkhanoko sindinapite. A Rachel ndiwo anandifotokozera kuti anamukweza pansanja, bandeji ili kumaso, bwanayo n'kumuloza akuuza anthu kuti aone zimene adani awo achita, ndipo anafunsa katatu ngati anthu angokhala chete. Sanatume munthu ndi pakamwa pake kuti akaswe kanthu. Ndikunena zimenezi kuti ndisamunamizire. Koma amene anamva anamva, ndipo msonkhano usanathe gulu la anyamata linali litanyamuka kale kulowera kumsika kwathu.

Mwezi umenewo pakhonde panga panali nsalu za zipani zonse, chifukwa mayi aliyense ankafuna diresi ya kumsonkhano, ndipo telala sasankha nsalu. Anyamata aja atafika anayamba kugwetsa mabenchi a amayi amene amadziwika kuti ndi a chipani chanu. Tomato, usipa, nyemba, zonse pansi. Ataona nsalu za chipani chanu pachingwe changa anazithothola n'kuzing'amba, mmodzi n'kukankha makina mpaka mutu wake unamenya simenti. Ameneyo ankakuwa kuti akubwezera Medson. Ndinamugwira malaya n'kumuuza kuti, “Medson amene ukumutchulayo ndi mlongo wanga, bere limodzi.” Anandiyang'ana n'kuyankha kuti iye Medson samudziwa, wangomuona lero pansanja. Anandichotsa dzanja n'kuthamangira anzake.

Nthawi yomweyo mwini dzinalo anali ataiwalidwa pabwalo la msonkhano. Lole ija inali ndi dalaivala wina, inanyamula amayi n'kupita. Anabwerera ku Biwi wapansi, padzuwa, a Rachel atamugwira mkono. Atamva zimene zinachitika kumsika anabwera kwathu tsiku lotsatira, anakhala pansi n'kumayang'ana makina aja. Makinawo anakonzedwa, koma amalumphitsa ulusi mpaka pano.

Chisankho chinachitika monga mukudziwa. Kuno bwana wa Medson anagonja, anapambana ndi wa chipani chanu. Chigonjereni sanafunsepo za iye. Medson anapita katatu kunyumba kwake ku Area 47, ndipo katatu konse mlonda anamuuza pageti kuti bwana atuluka. Mwini minibasi anakana kumubwezera ntchito, ndipo sindimunena, chifukwa nanenso sindingakweze ana anga m'galimoto ya dalaivala wosaona mbali imodzi. Pano akuthandiza a Esau kupala matabwa. Dzanja lake ndi labwino, koma pokhoma msomali amaphonya, ndiye amadzikwiyira.

Tsopano ndikuuzeni chimene Medson wandilola kuuza inu nokha. Lamulungu lachiwiri la Julaye, titaweruka kutchalitchi, ndinali kwawo ku Biwi. Kunabwera Anock, mwana wa a Gilford anzanu aja, amene anali mlembi wanu panthambi. Mukudziwa kuti awiriwa anakulira limodzi, ankaweta limodzi ng'ombe za atsibweni, ndipo kuno Anock amawotcherera zitsulo pamagalaja omwe aja. Tinamupatsa mpando, anakana, anakhala pansi atavula chipewa. Anati tsiku lija anali m'gululo ndipo anaponya miyala itatu. Iwiri sadziwa kumene inagwera, koma wachitatu anauona ukulowa pawindo la dalaivala. Anati sankadziwa amene akuyendetsa mpaka m'mawa mwake. Chichitikireni sanayandikire gome la mgonero, ndipo anati ngati tikufuna kupita naye kupolisi, wabwera wokonzeka.

A Rachel anadzuka n'kulowa m'nyumba. Medson anatembenuza mutu kumuyang'ana Anock. Kenaka anafunsa kuti, “Akanakhala munthu wina woyendetsa, wosamudziwa, ukanapita kukamuuza?”

Anock anaganiza, n'kuyankha kuti, “Sindikudziwa.”

“Pamenepo wanena zoona,” anatero Medson. “Pita.”

Kupolisi sanapite naye. Koma ndisakunamizeni kuti anamukhululukira. Akuti akamuona pamsewu pachifuwa pamamutentha, ndipo amadutsa njira ina. Chimene anandiuza pondiperekeza tsiku limenelo n'chakuti mwa anthu onse amene anali ndi mbali pa diso lake, amene anabwera yekha kudzavomera ndi wamwala uja basi. Amene anasonkhanitsa anyamatawo, amene anawaphunzitsa nyimbo zija, amene anawagulira mowa mbali zonse ziwiri, palibe ndi mmodzi yemwe wanena kuti pamenepa ndinalakwa.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe lero chinachitika Lachinayi lapitali. Mayi wina amene ndimamusokera, Mayi Vaileti, anandipatsa ntchito yosoka yunifolomu ya amayi a komiti ya ukwati wina waukulu. Nditamaliza anandiuza kuti ndikapereke ndekha ku Area 47 kuti amayiwo akayeze. Nditafika pageti ndinazindikira kuti ndi nyumba imene Medson ankandifotokozera, ya mpanda wa maluwa ofiira ndi kanyumba ka mlonda kobiriwira. Ine mlonda ananditsegulira msanga, poti ndinanyamula madiresi.

Ababa, pakhonde la nyumbayo panakhala bwana wa Medson ndi phungu wa chipani chanu amene anamugonjetsa. Anali pampando umodzi wautali, akumwa tiyi, akuseka mpaka kugwirana manja. Mwana wamkazi wa wina akukwatiwa ndi mwana wamwamuna wa mnzake. Mayi wogwira ntchito kukhitchini anandinong'oneza kuti chinkhoswe chinachitika mu Febuluwale, kampeni isanatenthe n'komwe. Ndiye kuti miyezi yonse ija ankatchulana mbava ndi mfiti pansanja, anali kale pachisewere.

Potuluka ndinagwada kuwapatsa moni monga munatiphunzitsira. Ndinati ndine mlongo wake wa Medson amene ankayendetsa lole yawo. Bwanayo anafunsa kuti Medson wake uti. Nditati wovulala uja, anati, “Oo, wadiso uja. Ali bwanji? Mukamuuze alimbe mtima.” Phungu wanu uja anapukusa mutu n'kunena kuti vuto la anyamata a masiku ano ndi kupsa mtima msanga. Anavomerezana, n'kubwerera ku nkhani yawo ya galimoto zodzanyamula akwati. Ndinadzuka n'kumapita.

M'minibasi pobwerera ndinkafuna kukwiya chifukwa cha ukwatiwo, koma ndinapeza kuti si umene ukundipweteka. Ana awo akondana, akwatirane, n'zabwino. Chikundipweteka n'chakuti anthu awiriwa amadziwa bwinobwino kuti munthu ukhoza kusiyana naye chipani n'kumadyera naye pamodzi. Amadziwa, ndipo m'nyumba zawo amachita. Koma ataima pamaso pa ife sananenepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Nzeru imeneyo anaisungira ana awo, ife anatipatsa nyimbo zotukwanirana. Kuno ku Kawale kuli amayi amene anasiya kubwerekana mchere, kuli kwaya imene inagawika pakati, ndipo mwezi watha pamaliro a m'dera lathu azibambo anakhala magulu awiri, moto uwiri. Mwa onsewa palibe amene waitanidwa ku ukwatiwo.

Sindikulemba kuti ndikuuzeni chipani chabwino. Inu mumati kale feteleza ankapezeka, mbewu zinkagulidwa pamsika wa boma, akuba ankaopa. Ndi zoona, ndinaziona. Medson amati lero munthu akhoza kudandaula m'basi osayang'ana kumbuyo, ndipo mwana wa wosauka akulowa m'kalasi osabwezedwa. Nazonso ndi zoona, ngakhale ana angawa amaphunzirira pansi pa mtengo ndipo sopo akukwera mtengo sabata iliyonse. Ndikukumbukanso tsiku limene amayi anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa anaiwala khadi lachipani kunyumba, mkazi wa tcheyamani weniweni. Anabwera akulira, inu simunanene kanthu. Ndili mwana ndinkati simunasamale. Pano ndikudziwa kuti nanunso munkaopa.

Koma pali china chimene ndimakumbuka cha inu, ndipo ndi chimene chandipatsa mphamvu yolemba. Chilala cha 1992, chimanga chachithandizo chitabwera, inu ndi amene munkaitana maina. Anthu ena anakuuzani kuti mudumphe banja la a Mackson chifukwa ankanong'ona za matipate ndipo anakunyozani pamowa. Munayankha kuti njala ilowa m'nyumba mwawo chimodzimodzi ndi mwathu, ndipo munawaitana. Thumba lathu munatenga pomaliza, losadzaza. Amayi anadandaula, koma ine ndinayenda monyada sabata yonse. Ndikaona atsogoleri a masiku ano, a mbali zonse, ndimawayesa ndi tsiku limenelo, ndipo ambiri sakwana. Amene amatha kuyankhula ndi ambiri. Amene angaitane dzina la munthu wowanyoza, kapena kuimirira n'kuuza anyamata awo omwe kuti ikani miyala pansi, sindinamuone. Mwina alipo kwina, sindinayende dziko lonse.

Ndiye ndimadzifunsa, Ababa, kuti munthu amene anachita zimenezo kwa a Mackson, zinatheka bwanji kuti alephere kwa mwana wake? Ndipo ine, amene ndimasoka nsalu ya aliyense osafunsa, zinatheka bwanji kuti ndizithawa minibasi ya mlongo wanga? Yankho ndilibe. Ndikungoona kuti zinatilowa pang'onopang'ono, tonsefe, mpaka tinayamba kuona malaya m'malo mwa munthu.

Lachisanu ndinamuuza Medson zimene ndinaona ku Area 47. Ndinkaopa kuti aswa kanthu. Anaseka pang'ono, anaika pansi chopalira matabwa, n'kutuluka panja. Atabwerako sananene za bwana wake. Anandifunsa kuti chiliza cha amayi tikumanga liti. Ndinamuuza kuti atsibweni a Josiah anakonza Loweruka la pa 18 Seputembala.

Pempho langa ndi limodzi. Lolani Medson abwere kuchiliza, afikire m'nyumba mwanu, ndipo kumanda adzaime pamodzi ndi ife ana anzake, osati pakati pa alendo. Ndikudziwa kuti atsibweni akhoza kungolamula, poti manda ndi a kwawo, ndipo ndinamuuza zimenezo. Iye wati sabwera chifukwa cha mawu a atsibweni, akufuna mawu anu. Ndikuuzirenitu kuti sakubwera kudzapepesa chifukwa cha voti yake. Akuti bwana uja wamukhumudwitsa, koma zimene ankakhulupirira mu 1994 akuzikhulupirirabe. Inunso sindikukupemphani kuti musiye chipani chanu. Mukafuna kukangana za ndale mudzakangane, mukhale pakhonde mpaka mawu atha. Ine ndidzakhala ndikuwotcha mbatata, sindidzalowerera.

Za Anock, Medson wati musapite nazo kwa a Gilford. Anock adzawauza yekha, ndipo wati adzabwera kuchilizako kudzathandiza kuponda simenti, ngati sitimubweza. Medson sanayankhe kuti inde kapena ayi.

Yankho mupatsire a Pemphani, akubweranso kumapeto kwa mwezi uno. Ngati kulemba kukuvutani ndi maso, mawu apakamwa akwana. Mukatilola, tidzafika Lachisanu pa basi yam'mawa. Mukadzamuona musadzadzidzimuke, wawonda, ndipo amavala magalasi akuda. Akamakuyang'anani amatembenuza mutu wonse, musadzayese chipongwe. Mudzakhale kudzanja lake lamanzere, ndi kumene amaonera.

Mundiperekere moni kwa atsibweni a Josiah ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Mayani, kwa achemwali a Emily ndi alamu, ndi kwa ana onse. A Esau akupereka moni, akuti adzabwera ndi zida zawo adzakonze chitseko cha nkhokwe. Adzukulu anu akupereka moni, a Rachel nawonso. Medson ndinamufunsa ngati ndilembe moni wake. Wati ndisalembe, akufuna adzapereke yekha.

Ndine mwana wanu,

Jemima